Masamba Amene Agogo Anu Anasuta

Kuyambira Lachiwiri mwakhala mukunong'onezana kuseri kwa khitchini, poganiza kuti makutu anga anapita limodzi ndi mano. Mukufuna kudziwa chimene chinandidzutsa m'mamawa kupita ku Sangilo osamwa ndi tiyi yemwe, mpaka kukwera njinga yamoto, ine amene ndinalumbira pamaso panu kuti chinthu chimenecho sindidzachikhudza. Khalani pansi ndikuuzeni. Iwe Tamanda, chinangwacho ukusenda kapena ukusema? Theka lonse likupita ndi makoko. Ndilankhula Chichewa poti makolo anu anakulererani ku Lilongwe ndipo Chitumbuka chanu chimathera pa "yewo". Changachi ndi cha m'kalasi ndi m'mabuku, mukafuna kuchiseka musekere kumbali.

Lolemba masana wailesi inalengeza kuti mayi uja wolemba mabuku wamwalira. Dzina lake lili pachikuto cha mabuku ake, mukaliwerenge nokha. Ife kuno ku Ngara sitinkalitchula. Tinkangoti NyaMabuku, monga timatchulira mkazi aliyense wa kwathu kuno, ngakhale iye anali wa kummwera. Ankalemba nkhani za chikondi, koma osati izi zanu zotumizirana timitima pafoni. Iye ankatenga anthu awiri n'kuwaika kalekale, nthawi ya agogo a agogo anu, anthu akuvala nyanda, mchere akuchita kusinthanitsa ndi nkhuku. Anthu akewo ankatha chaka chathunthu asanagwirane ndi dzanja lomwe, koma iwe wowerenga thukuta lili kamukamu.

Sindinalire. Anali atakalamba, ndipo okalambafe timafa. Chimene chinandiimitsa mutu ndi zimene muulutsi uja ananena pambuyo pake, koma ndifikako.

Buku lake ndinalipeza kuchipatala cha ku boma, nditapita kukabereka amayi ako iwe Tamanda. Masiku amenewo basi inkadutsa kamodzi patsiku, nthawi zina osadutsa n'komwe, ndiye mayi woyembekezera ankapita msanga kukadikirira komweko. Ndinakhala milungu itatu ndikuwerenga zolemba za pakhoma mpaka kuziloweza. Namwino wina wa ku Ntcheu anandimvera chisoni n'kundipatsa buku lachikuto chofiira. Pondiperekeza pachipata anati, "Tengani amayi, ine ndaliwerenga katatu." Ndinali nditangowerenga masamba ochepa, chifukwa mwana atabadwa sanandipatse mpata.

Nkhani yake inali ya mtsikana wa Chinkhonde dzina lake Tupokiwe, nthawi ya nkhondo ya azungu, pamene amuna a kuno ankagwidwa kuti akasenze katundu wa asilikali. Bwenzi lake Ambokile anamugwira ali kubusa, atangopereka kumene ng'ombe zoyamba za malowolo. Zaka zinkapita, iye osabwera. Ndiye panali mwamuna wachiwiri, Gwakisa, wosula makasu, munthu wosalankhulalankhula. Iyeyu chaka chilichonse mvula ikayandikira ankasiya khasu latsopano pakhomo pa Tupokiwe, lopanda mpini, n'kumapita osanena kanthu.

Inu mumadziwa ufa wa m'pepala ndi chigayo cha magetsi. Ife kondowole tinkamuvutikira. Chinangwa uzule, usenze, uviike m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, usende, uyanike, usinje mumtondo manja mpaka matuza. Fungo lake likakulowa m'nsalu silituluka ngakhale uchape ndi sopo wa kusitolo. Ntchito yotere sugwira wekha, ungapenge. Ndiye masana aliwonse amayi a mbali yathu tinkasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi, aliyense ndi dengu lake ndi mpeni wake. Tsiku lina ndinapita ndi bukulo kuti ndiziwerenga poyamwitsa. Wina anafunsa kuti likuti chiyani, ndinamuuza. Mawa lake anafunsa atatu. Sabata isanathe anagwirizana kuti ine ndisagwirenso mpeni, chinangwa changa azindisendera, ine ntchito yanga ikhale buku. Anaikanso lamulo loti ndisamawerenge ndekha kunyumba, tonse tizifika limodzi.

Ambiri a iwo Chichewa sankachimva. Ine ndinachipeza m'makalasi omaliza a pulayimale, ndiye ndinkawerenga chamumtima ndime imodzi n'kuinena m'Chitumbuka. NyaMabuku ankafika kwa iwo kudzera pakamwa panga, ndipo pena ndi pena ndinkakometsera, sindikana. Mapepala ake anali opyapyala, omatana ndi chinyezi, moti tsamba lililonse ndinkayamba ndanyambita chala ndisanalitembenuze. Amayi aja ankaseka kuti, "NyaGondwe bukuli akulidya, tifika kumapeto litatha." Chizolowezi chimenecho ndi chomwe mumandiseka nacho lero ndikanyambita chala pofuna kusuntha zithunzi pafoni ya amayi anu.

Pagululo panali mnzanga wa paubwana, Esnati NyaMsiska. Tinkatunga madzi limodzi tisanamere ndi mabere omwe. Iye anakwatiwa ndi Aroni, ndipo chaka chisanathe Aroni anapita kumigodi ku Joni. Anatumiza makalata awiri ndi bulangete limodzi, kenako zii. Nthawi imene ndikunenayi zinali zitakwana zaka zisanu ndi ziwiri. Esnati ankakhala pakhomo pa apongozi ake, wopanda mwana, akulima munda wawo, akuwasinjira, akuwatungira madzi. Anali ataonda mafupa a m'khosi kuchita kuonekera. Tsono mchimwene wanga Wedson anali ataferedwa mkazi, wasiyidwa ndi tiana tiwiri. Kawiri konse anatumiza mawu kwa abale a Esnati. Esnati sanavomere, sanakanenso.

Ena akamaseka za Gwakisa ndi makasu ake, iye sankaseka. Ankakhala pafupi kwambiri ndi ine, akusenda pang'onopang'ono. Tsiku lina tikubwerera kunyumba, madengu ali pamutu, anandiuza osandiyang'ana.

"Chimene achite Tupokiwe, nanenso ndichita chomwecho."

"Iwe, ndi buku chabe limeneli," ndinatero ndikuseka.

"Yayi. Mayi ameneyu akundidziwa. Kaya anandionera kuti, koma akundidziwa."

Esnati sanali munthu wolankhula zoseweretsa. Kuyambira tsiku limenelo bukulo linayamba kundilemera m'manja.

Apa ndi pamene akulowa agogo anu aamuna, a Mhango, amene inu mumangowaona pachithunzi chija atavala jekete yobwereka. Anali munthu wabwino, msodzi wamphamvu, sanandikwezerepo dzanja. Koma ankasuta chingambwe, fodya wakuda uja wopota ngati chingwe, ndipo pepala lililonse limene lagona poyera linali lawo. Bukulo ndinkalisomeka kudenga, pamwamba pa chitseko. M'mawa wina ndikulitsitsa ndinamva kuti lapepuka. Chikuto chakumbuyo chinkangolendewera. Nditatsegula ndinapeza timizu ta mapepala tokhatokha.

Ndinawapeza akusoka ukonde pabwalo.

"Bambo, buku langa latani?"

"Ndatengako pang'ono."

"Pang'ono?"

"Kumbuyo kokhako, kumene sunafike. Kutsogoloku ndimaona umabwerezabwereza akabwera ochedwa, ndiye ndinati ndisakuonongere." Anakoka ulusi ndi mano n'kuwonjeza kuti, "Pepala lake ndi labwino nadi. Silizima ndi mphepo."

Milungu iwiri yathunthu anakhala akung'amba tsamba limodzi limodzi popita kunyanja. Sukulu sanapiteko, ndiye kwa iwo buku linali ngati mtolo wa udzu, umasolola mbali imene sikugwira ntchito. Ankaona ngati andichitira ulemu waukulu. Ndinakhala masiku awiri osawalankhula, iwo n'kumauza anzawo kuti dzino likundipweteka.

Tsamba lomaliza limene linatsala linathera pamene sitima yafika ndi amuna obwerera kunkhondo. Tupokiwe waima pagombe, amuna akutsika mmodzimmodzi, iye akuyang'ana nkhope iliyonse. Mawu anadukira pakati pa chiganizo. Buku lina kunalibe kolipeza. Namwino uja anali atasamutsidwa, ndipo sitolo ya mabuku inali ku Mzuzu, kumene ine ndinali ndisanapondeko.

Ndikanatha kupita pansi pa mango paja n'kunena zoona. Sindinatero, ndipo musandiyeretse, zifukwa zanga sizinali zoyera zonse. Ndinkachita manyazi kuti mudzi wonse useka amuna anga. Ndinkakondanso kukhala pamphasa manja ali oyera anzanga akundisendera. Ndinkaona mafupa a m'khosi a Esnati. Komanso Wedson anali mchimwene wanga, ndipo tiana take tinkagona ndi njala akachedwa kunyanja. Chimene chinalemera kuposa chinzake pa zinayizi, mpaka lero sindidziwa.

Masana amenewo kunabwera anthu ambiri, ena opanda ndi chinangwa chomwe, poti mbiri inali itamveka kuti lero sitima ikufika. Ndinawerenga tsamba lenileni lija mpaka pamene linadukira. Kenako ndinapendeketsa bukulo kuti asaone, maso anga ali pachikuto chopanda kanthu, n'kupitiriza. Ndinati amuna onse anatsika, Ambokile panalibe. Tupokiwe anafunsa aliyense, palibe amene anamuona atafa, palibenso amene anamuona ali moyo. Anabwerera kwawo, anakhala pakhomo mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anatenga khasu la chaka chimenecho, anadula mtengo, anasema mpini n'kulikhomera yekha. M'mawa analowa nalo m'munda umene unali m'mbali mwa njira ya Gwakisa. Gwakisa podutsa anamva kulira kwa khasu lake m'nthaka, anaima, ndipo anadziwa. Ndinalankhula mpaka mthunzi unatisiya tili padzuwa.

Ena analira. Mayi wina wachikulire anadandaula kuti mabuku a masiku ano akuphunzitsa akazi kusapirira, koma anzake anamuzazira kuti zaka zonse zija n'zochepa kodi. Esnati anapukuta mpeni wake pachitenje, anasenza dengu n'kumapita.

Titakolola, akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi, ng'ombe za kwa Aroni zinabwerera kwawo, ndipo Esnati anakwatiwa ndi Wedson. Palibe mkazi wa pansi pa mango paja amene anamunena, poti onse anali atamva ndi makutu awo kuti ngakhale m'buku zinatero. Anasamukira ku Sangilo kumene Wedson ankapha usipa. Analera tiana tija, anaberekanso ake asanu. Ndiwo agogo a ku Sangilo amene amakupatsani nthochi zowotcha mukapitako. Aroni sanabwere. Kaya anafera mumgodi, kaya anakwatira komweko, palibe anadziwa.

Zoona zake ndinazipeza amayi ako, Tamanda, ali ku sekondale. Anabwera patchuthi ndi buku lomwe lija, lobwereka kusukulu, lathunthu. Ndinaliwerenga chiimire kuseri kwa nkhokwe. Masamba khumi ndi awiri, ndiwo amene agogo anu anasuta. Ambokile anatsika m'sitima muja pomalizira penipeni, anthu atayamba kale kubalalika, woonda, diso limodzi litafa. Tupokiwe anatenga makasu onse asanu ndi anayi, osagwirapo ntchito ndi limodzi lomwe, anawamanga ndi luzi n'kukawatula pakhomo pa Gwakisa. Analemba bwino mayi uja, kuposa ine kutalitali. Ndinauza mwana kuti bukulo alibise m'sutikesi ndipo asadzalitchule ku Sangilo. Kuyambira pamenepo, basi ikaima pa Ngara n'kutsika mwamuna wachilendo wonyamula sutikesi, ndinkamuyang'anitsitsa mpaka nditaona kuti si Aroni. Zinanditengera zaka zambiri kusiya chizolowezi chimenecho.

NyaMabuku ndinakumana naye kamodzi kokha, imvi zitayamba kale. Anabwera ku boma kudzaona manda akale a asilikali ndi kucheza ndi okalamba, akukonza buku lina. Analankhula m'holo ya tchalitchi china. Ine m'mutu mwanga anali mayi wamtali, wovala zonyezimira. Ndinapeza kamayi kakafupi, miyendo yotupa, nsapato zansalu, kakutafuna mtedza wokazinga wochokera m'chikwama. Ankalemba m'kope wamba la ana asukulu, ndipo ankamvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Ndinadikira anthu onse atuluke, ndinakhala pabenchi pafupi naye n'kumuuza zonse.

Za fodya zija anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Anati mabuku ake anthu anawayamikirapo zambiri, koma zoti sazima ndi mphepo anali asanamvepo. Nditafika pa Esnati anasiya kuseka.

"Tupokiwe wanuyo mpini anakhomera yekha?" anafunsa.

"Yekha."

Anagwedeza mutu. Kenako anati, "Amayi, Tupokiwe wanga akanatha kudikira ngakhale zaka makumi asanu. Samva njala, sakalamba, ndipo mwamuna ndimam'bwezera tsiku limene ndafuna ine. Za mnzanuyo sindingadziwe. Munamuuza?"

"Ayi."

"Masamba khumi ndi awiriwo ndakupatsani, ndi anu. Koma zinazo musapemphe kwa ine. Amene munamunamiza si ine."

Anandithira mtedza m'manja, galimoto yake inabwera, basi. Sitinakwanitse ndi ola lomwe. Ndinamukonda kwambiri tsiku limenelo kuposa masiku onse amene ndinkamuwerenga, chifukwa akanatha kundisisita pamsana n'kunena kuti palibe kanthu, koma sanandinamize.

Komabe Esnati sindinamuuze. Ndinkati ndimuuza tikakolola, ndimuuza mwana wake akachira, ndimuuza maliro a Wedson akatha. Wedson anapita, a Mhango anapita, ife awiri tinatsala. Esnati maso ake anachita khungu zaka zingapo zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo wailesi sichoka pamiyendo pake, amagona nayo, amadzuka nayo. Tsono Lolemba lija muulutsi atalengeza za maliro, anayamba kufotokoza mabuku a malemuwo. Anafika pa lathu lija n'kulinena lonse mpaka kumapeto, kuti ndani angaiwale Tupokiwe amene anadikira zaka zisanu ndi zinayi mpaka Ambokile wake anatsika m'sitima. Ndinazimitsa wailesi yanga, ngati kuti potero ndazimitsanso ya ku Sangilo.

Ndicho chifukwa chake munandiona ndikumanga mpango m'mamawa. Minibasi inanditsitsa pamsewu, ndipo miyendo yangayi sikanatha kutsetsereka mpaka kumudzi, ndiye njinga yamoto ija. Ndinatseka maso njira yonse, musafunse zambiri.

Ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba ndi zala, wailesi ili pambali.

"Odi kuno."

"Lowa mlamu. Ndakumvera patali, mwendo wakumanzere ukukoka."

Tinapatsana moni, tinafunsana za ana, za mvula, za bondo langa.

"Wamva za NyaMabuku?" ndinafunsa.

"Ndamva."

"Wamva zonse?"

"Zonse."

Ndinayamba kufotokoza, za denga, za a Mhango, za chingambwe. Ndisanafike ndi pakati pomwe anakweza dzanja.

"Chala," anatero.

"Chala chanji?"

"Chako. Tsamba lililonse unkanyambita chala, mpaka tinkakuseka. Tsiku lija unanyambita kamodzi, poyamba penipeni. Kenako unalankhula mpaka dzuwa kutiwotcha, chala chili chouma."

Zaka zonse zija ndikuopa mabasi.

"Unadziwa?"

"Maso anali akadali anga nthawi imeneyo. Ndinakhala pafupi nawe, ndinaona ndi chikuto chomwe."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kuti ndibwerere kukasinjira amake Aroni?" Anatola kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo. "Ndinali nditatopa, mlamu. Wedson ndinkamufuna kalekale. Ndinkangosowa munthu woti anene mokweza, pamaso pa amayi onse aja, kuti mkazi akhoza kutenga khasu. Iwe unanena. Ndikanakufunsa ukanachita manyazi n'kubweza mawu."

Ndinalira pamenepo, ine amene sindinalire Lolemba. Iye anandisiya ndilire, akupitiriza nyemba zake. Nditatonthola anafunsa kuti, "Ndiye kwa mayi uja Ambokile anabweradi?"

"Anabwera. Diso limodzi."

"Zili bwino," anatero. "Zili bwino kuti kwa wina anabwera."

Ndiye mverani, poti nkhaniyi sindinakuuzeni kuti mungodziwa. Iwe Tamanda, uwaimbire amayi ako lero lomwe, afunefune bukulo ku Lilongwe alitumize pa basi. Esnati akufuna ndikamuwerengere masamba khumi ndi awiri aja, amve mmene mwini wake anathetsera. Usandiuze zoti ulipeza pafoni, zimenezo ndinamuuza kale ndipo anakana. Pondiperekeza mpaka pamapeto a khonde, atagwira mkono wanga, anati, "Ubwere nalo lenileni la mapepala, mlamu. Maso ndilibe, koma tsamba likamatembenuka ndimamva."